Mafunso a Owerenga: Kodi Lil JoJo Anali Ndani, Ndipo Anafera Chiyani?

Funso: Akonzi, ndine mayi wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, kumene ndimagulitsa kachewere pamsika. Mwana wanga wachiwiri, mnyamata wa zaka 16, wayamba kulemba nyimbo za rap m'kope, ndipo Loweruka amapita kwa mnzake amene ali ndi kompyuta kukajambula. Pafoni yake anaikapo chithunzi cha mnyamata wina wa ku America amene akuti ndi Lil JoJo, ndipo nditamufunsa anandiuza kuti ameneyo anali woimba weniweni, wosaopa munthu, amene anaphedwa chifukwa cha nyimbo zake. Tsopano akufuna ndalama zoti akadinditse chithunzicho pamalaya. Chonde ndiuzeni, mnyamata ameneyu anali ndani, anafa bwanji, ndipo kodi ndimuletse mwana wanga kuimba?
Mayi wodandaula, Ulongwe

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalamazo komanso musanang'ambe kopelo, chifukwa nkhani ya mnyamata ameneyu ili ndi mbali imene mwana wanu akuidziwa ndi mbali ina imene mwina sanaimvepo. Dzina lenileni la Lil JoJo linali Joseph Coleman. Anali wa mumzinda wa Chicago, ku United States, ndipo anawomberedwa madzulo a pa 4 September 2012 m'dera lotchedwa Englewood, ali ndi zaka 18 zokha. Sanali pansi pa kampani yaikulu yojambula nyimbo, sanayendepo m'mayiko kukaimba, ndipo nyimbo zake zinkafika kwa anthu kudzera pa YouTube ndi m'mafoni a anyamata anzake. Nthawi yonse imene dzina lake linamveka kunja kwa dera la kwawo sinakwane ngakhale chaka chimodzi.

Kuti mumvetse imfa yake muyenera kudziwa kaye malo amene anakulira. Englewood ili kummwera kwa Chicago, kumene mabanja ambiri a anthu akuda anakakhala atasamuka kuchoka m'zigawo zakummwera kwa dzikolo m'zaka za m'ma 1900, pothawa tsankho ndi kufunafuna ntchito m'mafakitale. Tsankholo anakalipezanso kumeneko, popeza ankaloledwa kukhala m'madera ochepa okha, ndipo mafakitale a zitsulo atayamba kutsekedwa, monga ya South Works imene inatsekedwa mu 1992, ntchito zinasowa ndipo umphawi unazika mizu. M'maderawa munali magulu awiri akuluakulu a achifwamba, Gangster Disciples ndi Black Disciples, amene kale anali gulu limodzi lotsogoleredwa ndi Larry Hoover ndi David Barksdale, koma anagawikana Barksdale atamwalira mu 1974. M'zaka za m'ma 1990 boma linamanga atsogoleri ambiri a maguluwa, ndipo Hoover, amene anali kale m'ndende, anapezekanso wolakwa pa milandu ina mu 1997. Pambuyo pake akuluakulu a mzinda anagwetsa nyumba zazitali zimene munkakhala anthu osauka, monga Robert Taylor Homes, imene nyumba yake yomaliza inagwetsedwa mu 2007, ndipo mabanja anabalalikira m'madera ena kumene ana awo anakakumana ndi adani. Zotsatira zake zinali zakuti magulu aakulu aja anasweka n'kukhala timagulu ting'onoting'ono ta msewu umodzi kapena iwiri, topanda wamkulu woti n'kuletsa ndewu, ndipo anyamata anayamba kuphana chifukwa cha chipongwe ndi kubwezera. M'chaka chimene Lil JoJo anaphedwa, anthu oposa 500 anaphedwa mumzinda umodzi wokhawo.

Nyimbo zimene anyamatawa ankaimba zimatchedwa drill, ndipo ndi nthambi ya chamba cha gangsta rap, nyimbo zofotokoza za moyo wa achifwamba, chimene chinayamba m'zaka za m'ma 1980. Chimene chinasiyanitsa anyamata a ku Chicago ndi oimba ambiri akale n'chakuti iwo ankatchula adani awo mayina enieni, kutchula misewu imene adaniwo amakhala, ndiponso kuseka anzawo a adaniwo amene anaphedwa kale. Mu 2012 mnyamata wina wotchedwa Chief Keef, amene ankadziwika kuti ali kumbali ya Black Disciples, anatchuka kwambiri ali ndi zaka 16, ndipo anasainirana mgwirizano ndi kampani ya Interscope, umene nyuzipepala zinalemba kuti ukanatha kufika madola 6 miliyoni. Taganizirani, mayi, mmene nkhani imeneyi inamvekera kwa anyamata a misewu yoyandikana nayo, amene analibe ntchito ndipo sankaona khomo lina lotulukira mu umphawi. Lil JoJo anali wa kagulu ka mbali ya Gangster Disciples, ndipo njira yachidule yoti naye amveke inali kunyoza amene anali atatchuka kale. Anatulutsa nyimbo imene mutu wake womwe unkalengeza kuti iye ndi wakupha anthu a Black Disciples, ndipo m'kanema wa nyimboyo munali anyamata ataloza mfuti ku kamera. Anthu ambirimbiri anaonera kanemayo, ndipo dzina lake linamveka monga momwe ankafunira.

Patatsala nthawi yochepa kuti aphedwe, pa intaneti panafalikira kanema wina womuonetsa ali m'galimoto akutukwana Lil Reese, mnzake wa Chief Keef, ndipo m'kanemamo munamveka mawu omuopseza kuti aphedwa. Tsiku la imfa yake analemba pa Twitter msewu umene anali, ngati kuuza adani ake kuti sakubisala. Madzulo ake, atakwezedwa kumbuyo kwa njinga ya mnzake pafupi ndi msewu wa 69 ndi Princeton Avenue, munthu wina anamuwombera kuchokera m'galimoto, ndipo anamwalira usiku womwewo. Pasanapite nthawi, patsamba la Twitter la Chief Keef panatuluka uthenga woseka imfayo, ndipo iye ananena pambuyo pake kuti anthu ena ndiwo analowa patsamba lakelo. Ndiyenera kunena momveka bwino kuti Chief Keef ndi Lil Reese sanaimbidwe mlandu wa imfa imeneyi, ndipo mukamakambirana ndi mwana wanu musamuuze kuti iwo ndiwo anapha. Ngakhale mwambo wa maliro sunayende mwamtendere, chifukwa kunabuka chipwirikiti mpaka apolisi analowererapo, moti makolo sanapeze mpata wolira mwana wawo mwaulemu.

Pali chinthu china chokhudza malaya amene mwana wanu akufuna. Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho cha 2012, mnyamata wina woimba wa zaka 18, Joshua Davis, anawomberedwa ku Chicago komweko, ndipo abale ake ananena kuti anaphedwa chifukwa anavala juzi yokumbukira Lil JoJo. Sindikufuna kukuopsezani ndi zinthu zimene kulibe kuno, chifukwa ku Ulongwe palibe amene angawombere mwana wanu poona chithunzicho. Komabe kumene chithunzicho chinachokera si chokongoletsera malaya, ndi chizindikiro chosonyeza mbali imene munthu ali pa nkhondo ya anyamata okhaokha, ndipo ine ndikanakhala inu sindikanapereka ndalama zodindira chizindikiro cha nkhondo imene mwana wanga sakuidziwa chiyambi chake.

Mwana wanu akunena kuti Lil JoJo sankaopa munthu. Ine ndikamawerenga za masiku ake omaliza sindiona kulimba mtima, ndiona mwana amene analowa mumsampha wopanda potulukira, ndipo zimandimvetsa chisoni kwambiri. Munthu akanyoza mnzake pamaso pa anthu awiri kapena atatu, mawa angathe kupita kukapepesa nkhani n'kutha. Koma akanyoza pamaso pa anthu zikwizikwi amene akuonera pa intaneti ndi kumuchemerera, kubwerera m'mbuyo kumakhala kovuta, chifukwa omuchemerera omwewo ndiwo adzayamba kumuseka kuti ndi wamantha, ndipo wonyozedwayo nayenso sangakhale chete popeza anzake onse amva. Chimene chinam'patsa dzina m'miyezi yochepa ndicho chomwe chinam'tsekera njira yothawira. Oonera aja sanataye kalikonse, anangosamukira pa kanema wina, ndipo amene anatsala ndi manda ndi mayi ake.

Tsopano za kuletsa. Musamuletse kuimba, mayi, chifukwa mnyamata wa zaka 16 amene amakhala pansi n'kulemba mawu m'kope ali ndi luso loyenera kulisamalira, ndipo mukamuletsa adzangopitiriza mobisa, kumene simudzamvanso zimene akuimba. M'malo mwake mupempheni kuti akuwerengereni zimene walemba, ndipo ngati zili m'Chingelezi kapena m'Chipwitikizi, akumasulireni m'Chichewa mzere ndi mzere, pakuti mawu ambiri amene amamveka okoma m'chinenero chachilendo amamuchititsa manyazi mwini wake akawanena m'chinenero cha mayi ake. Pomvetserapo mufufuze ngati akutchula anthu enieni, kaya ndi anzake a kusukulu kapena anyamata a dera lina la tauni, ngati akuopseza wina aliyense, ndiponso ngati akunyoza munthu amene anamwalira. Kudzudzula kudzera m'nyimbo si kwachilendo kwa ife. Amayi athu pamtondo ankaimba za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, ndipo mudzi wonse unkadziwa amene akunenedwa, koma dzina silinkatchulidwa, kotero kuti wonenedwayo ankatha kusintha khalidwe popanda kuchita manyazi pagulu. Nzeru imeneyo ndiyo inasowa m'nyimbo za ku Englewood. Ndipo za kunyoza akufa, mwana wokulira kuno, kumene ngakhale adani amasiya chidani n'kupita kukakhuza maliro, ayenera kumva kuchokera kwa inu kuti zimenezo sizichitika.

Ngati mwapeza mayina a anthu m'kopemo, itanani atsibweni ake, pakuti nkhani yotere ndi ya mwini mbumba, ndipo mnyamata wa msinkhu umenewu nthawi zambiri amamasuka kwa malume ake kuposa kwa mayi ake. Ngati agogo ake alipo, apempheni amufotokozere za nthawi ya nkhondo, pamene anthu a ku Angónia ankathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu kufikira mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Nkhondo itatha, bungwe la mipingo yachikhristu la dziko lino, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba mu 1995 kutolera mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga ndi makina osokera m'malo mwake. Mwana wanu waona mfuti pakanema pokha, pamene agogo ake anaona zimene mfuti imachita pamudzi, ndipo ndi bwino amve zimenezo kwa iwo asanayambe kuitamanda m'nyimbo.

Funso: Akonzi, ndine mnyamata wa zaka 22 wa ku Moatize, ndipo ndimaimba rap ngakhale sindinatchuke. Zimandipweteka kuti woimba wa rap akaphedwa, akuluakulu amathamangira kunena kuti nyimbo ndizo zamupha. Lucky Dube ankaimba za mtendere, koma nayenso anawomberedwa. Vuto langa ndi ili: anyamata a dera lina atulutsa nyimbo yonditchula dzina ndi kundinyoza, ndipo yafalikira pa WhatsApp kuposa nyimbo zanga zonse. Anzanga akuti ndikapanda kuyankha mwaukali anthu adzandiyesa wamantha, ndipo akuti oimba a ku America anatchuka m'njira yomweyi. Kodi ndiyankhe?
Woimba wachinyamata, Moatize

Yankho: Achimwene, pa mfundo yanu yoyamba ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse. Lucky Dube anaphedwa pa 18 October 2007 ku Rosettenville, mu Johannesburg, ndi achifwamba amene ankafuna galimoto yake, ndipo nyimbo zake sizinali chifukwa cha imfayo. Si rap imene inatseka mafakitale a ku Chicago, si rap imene inabweretsa tsankho la malo okhala, ndipo si rap imene inachulukitsa mfuti m'manja mwa ana. Anyamata a ku Englewood ankaphana ngakhale drill isanayambe. Amene amaloza chala nyimbo zokha amakhala akuthawa mafunso ovuta okhudza ntchito, sukulu ndi mfuti.

Koma anzanu akukuuzani theka la nkhani. Taonani zimene zinachitikira anyamata ena a mkangano womwe uja wa ku Chicago, umene ndafotokoza poyankha mayi a ku Ulongwe. Carlton Weekly, wodziwika ndi dzina lakuti FBG Duck, anali wa mbali ya Gangster Disciples ngati Lil JoJo. Mu July 2020 anatulutsa nyimbo yonyoza adani ake amene anamwalira, akuwatchula mayina, ndipo pa 4 August chaka chomwecho anawomberedwa masana, pagulu, m'dera la masitolo a anthu olemera lotchedwa Gold Coast, ali ndi zaka 26. Mu January 2024 khoti linapeza amuna 6 olakwa pa imfa imeneyi, ndipo oimira boma pamlanduwo anaonetsa kuti kunyozana kwa m'nyimbo ndi pa intaneti kunali mbali ya chidani chimene chinafikitsa pa kupha. Choncho munthu mmodzi anapita kumanda ndipo enawo anapita kundende, onsewo anyamata a mzinda umodzi. Kumbali inayo kunali King Von, dzina lake lenileni Dayvon Bennett, amene anali ndi luso lalikulu lofotokoza nkhani m'nyimbo. Chimbale chake chinatuluka pa 30 October 2020, ndipo pa 6 November, patangopita mlungu umodzi, anawomberedwa pa ndewu ina kunja kwa malo achisangalalo ku Atlanta, nayenso ali ndi zaka 26. Anzanu akamati oimba a ku America anatchuka m'njira imeneyi akunena zoona, koma afunseni kuti mwa otchukawo ndi angati anafika zaka 30 ali moyo komanso ali kunja kwa ndende.

Mwina munganene kuti ku Moatize kulibe mfuti zambiri ngati ku Chicago, ndipo zimenezo n'zoona. Koma chikwanje, mpeni ndi botolo losweka zilipo, ndipo tauni yanu ndi yaing'ono moti amene mwamunyoza amadziwa njira imene mumadutsa, kumene mayi anu amagulitsa malonda ndiponso sukulu imene mng'ono wanu amaphunzira. Dziwaninso kuti kuopseza munthu kuti mumupha ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo mawu ojambulidwa amene afalikira m'mafoni ndi umboni umene simungaukane tsiku limene wina wa anyamatawo wavulazidwa, ngakhale wamuvulaza ndi munthu wina.

Sindikukuuzani kuti muziimba zofewa zokhazokha. Dziko lathu lomwe lino linali ndi Azagaia, dzina lake lenileni Edson da Luz, amene mawu ake anali akuthwa kuposa a anyamata onse amene ndawatchulawa. Iye ankadzudzula katangale, kukwera mitengo kwa zinthu ndi kuponderezedwa kwa anthu wamba, ndipo mu 2008 anaitanidwa ndi oimira boma pa milandu kuti akafotokoze za nyimbo yake ina, komabe sanasiye. Atamwalira ndi matenda pa 9 March 2023, ali ndi zaka 38, khamu lalikulu la anthu linaperekeza maliro ake ku Maputo, ndipo achinyamata m'mizinda ingapo anayenda m'misewu pomukumbukira. Ukali wake unkalunjika pa zinthu zimene zimapweteka anthu onse, osati pa mnyamata wosauka wa msewu wachiwiri. Inuyo mukukhala m'tauni imene malasha amatuluka tsiku ndi tsiku pasitima kupita kudoko, pamene fumbi lake limatsalira m'nyumba za anthu, mabanja ena anasamutsidwira ku Cateme kuti migodi ipeze malo, ndipo achinyamata ambiri omaliza sukulu alibe ntchito. Woimba wa ku Moatize sangasowe choimba mwaukali, ndipo nyimbo yotero ingamveke kwa anthu a ku Tsangano, Zóbuè ndi Macanga amene sadziwa n'komwe mayina a anyamata amene akukunyozaniwo.

Pa funso lanu lenileni, yankho langa ndi lakuti mukhoza kuyankha, koma osati m'njira imene anzanu akufuna. Kupikisana pa luso ndi mbali ya rap kuyambira pachiyambi, ndipo palibe cholakwa kuonetsa kuti mumaluka mawu bwino kuposa iwo. Koma musatchule makolo awo, alongo awo kapena abale awo amene anamwalira, musatchule kumene amakhala, musaopseze, ndipo m'kanema musanyamule chida chilichonse, ngakhale chachidole. Musanajambule n'komwe, pitani mukaonane nawo maso ndi maso, pamodzi ndi munthu amene mbali zonse ziwiri zimamulemekeza, monga mwini situdiyo imene nonse mumajambulirako, ndipo mukagwirizane malire a mawu. Ngati avomera, konzani tsiku loti mupikisane pabwalo limodzi anthu akuonera, aliyense ndi mphindi zake, ndipo mukamaliza mugwirane chanza pamaso pa anthu omwewo. Ngati akana kukumana nanu ndipo akupitiriza kuopseza, pamenepo nkhaniyo yasiya kukhala ya nyimbo, ndipo musunge mauthengawo m'foni yanu n'kukawaonetsa kwa akuluakulu a dera lanu kapena kupolisi.